Kukhala Pandekha M'mapiri a Mutare

Njira yachidule yochokera ku Blantyre kupita ku Mutare sidzera ku Harare ayi. Mukatuluka pa chipata cha Mwanza n'kulowa ku Zobue, mumatsetsereka mpaka ku Tete n'kuoloka Zambezi. Pa Changara msewu umagawikana. Mabasi a ku Harare ndi ku Joni amakhotera ku Nyamapanda, koma wofuna Mutare amapitirira chakumwera, kudutsa Guro ndi Catandica, mpaka kukakumana ndi msewu waukulu wochokera ku Beira. Pamenepo mumatembenukira kumadzulo, kudutsa tauni ya Manica, n'kufika pa Machipanda. Ndi njira ya madalaivala a mathiraki ndi amayi a geni. Ine ndinaidzera mwezi wa Julayi, ndikusinthasintha timinibasi timene ku Mozambique amati chapa, mawondo atagunda pachifuwa, thumba la makala mbali iyi, dengu la nkhuku mbali inayo.

Ndinkapita kukanena maliro. Mayi anga anali atatisiya, ndipo mlongo wawo, amalume anga, amakhala ku Sakubva mumzinda wa Mutare. Uthenga anaumva pafoni tsiku lomwelo, koma ukalamba ndi kusowa pasipoti zinawalepheretsa kubwera kudzaika nawo. Kwathu maliro a mlongo wa munthu sathera pafoni. Pamafunika wina apite, akakhale pansi, akafotokoze mmene matenda anayambira, amene anadwazika, mawu amene malemu anasiya ndi pamene tinawagoneka. Abale anasankha ine poti ndine woyamba kubadwa, ndipo uchisamba womwewo ndi umene unandisenzetsa maliro onse.

Amene anayendetsapo maliro akudziwa zimene ndikunena. Anthu amadzaza pabwalo, amayi m'siwa, abambo pamoto kunja, kwaya ikuimba usiku wonse. Zonsezi n'zabwino, ndipo sindingasinthanitse mwambo umenewu ndi wa dziko lina lililonse. Koma mwana woyamba salira, amathamanga. Bokosi, ufa, nkhuni, ndiwo za adzukulu, uthenga kwa amfumu, kalata ya kuchipatala, zonse zimayang'ana iye. Pa nthawi yoona nkhope ine ndinali kumsewu, ndikukambirana ndi mwini lole za ndalama ya mafuta, ndipo pobwerera ndinapeza bokosi atatseka kale. Masabata otsatira anathera m'misonkhano ya banja, ngongole ndi mafoni. Aliyense wondiona ankati, "Mwalimba mtima, achimwene." Sikunali kulimba mtima kumene kuja. Ndinangosowa mpata woti ndimve chimene chinandigwera.

Mukadinditsa pasipoti pa Forbes, mbali ya Zimbabwe ya chipatachi, n'kudutsa mdipiti wa mathiraki odikira kuoloka, mzinda uli pompo, makilomita ochepa chabe, utakhala m'chigwa chozingidwa ndi mapiri. Unafika pamalo amenewa chifukwa cha njanji. Poyamba Umtali, monga ankautchulira atsamunda, unali kuseri kwa mapiri, kumene lero amati Old Mutare. Njanji yochokera ku Beira sikanatha kukwera mapiriwo, choncho anasamutsa mzinda kuti ukakumane ndi sitima, imene inafika mu 1898. Malo akale aja anaperekedwa kwa Bishopu Joseph Hartzell wa mpingo wa Methodist, ndipo kumeneko n'kumene kuli Africa University, yomwe inatsegulidwa mu 1992. Dzina loti Umtali linachotsedwa mu 1982, ufulu utabwera. Wochokera ku Harare, ulendo wa makilomita oposa 260, amauona mzinda wonse ali pamwamba pa Christmas Pass. Ine wochokera kum'mawa ndinangozindikira ndalowamo, fumbi la ku Tete likadali m'tsitsi.

Wokulira ku Ndirande sangasochere ku Sakubva. Nyumba n'zothithikana, msika waukulu uli pamodzi ndi depoti ya mabasi, ana ali m'misewu, wailesi ikulira pakhomo lililonse. Amalume anachoka kwathu ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya, pamene Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anali pansi pa boma limodzi kuyambira 1953 mpaka 1963. Anatsata njira imene anthu akwathu anali ataiponda kale, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi. Anayamba ntchito m'migodi ya golide ku Penhalonga, kumpoto kwa mzindawu, kenako analowa ya njanji. Anakwatira mayi wachimanyika, anabereka ana, ndipo kwathu tinawaika m'gulu la matchona. Lamulo la unzika la 2001 litasandutsa ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala alendo m'dziko limene anabadwiramo, banja lawo linalawa nawo zowawazo, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anatsegulako njira kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'maiko a SADC.

Ndinanena maliro monga anandituma. Amalume anamvetsera maso ali pansi, manja ali pa ndodo. Madzulo ake anayamba kufika anzawo a kumpingo ndi a bungwe la maliro la anthu ochokera ku Malawi, nkhalamba zolankhula Chichewa cha makedzana chimene kwathu sitichimvanso. Maliro achiwiri anayambika, ndipo wofotokoza anali ine ndemwe. Aliyense wolowa ndinkamuyambira poyambirira: tsiku limene anadwala, chipatala, mankhwala, usiku womaliza. Nsima, imene kuno amati sadza, inkabwera n'kubwerera osaigwira bwino. Usiku ndinkagona chipinda chimodzi ndi zidzukulu zawo, tulo osabwera.

M'mawa wina kusanache bwino ndinatuluka panja n'kuwapeza amalume atakhala pa kampando kuseri kwa nyumba, pafupi ndi kadimba ka mpiru, atafunda bulangete. Akazi awo anandinong'oneza kuti ndisawasokoneze. Anati m'mawa uliwonse, zaka zonsezi, amakhala pamenepo okha mpaka dzuwa lituluke, ndipo ngakhale chidzukulu sichiyandikira. Koma iwo anandiona, n'kundikodola.

"Iwe mwana wa mlongo wanga," anatero, "chifikire pano wakamba maliro a mayi ako kwa aliyense. Nanga iweyo anakuuza ndani?"

Ndinasowa choyankha.

"Mawa usakhale pano. Msuweni wako akakusiye ku Vumba. Usatenge munthu, ndipo foni uzimitse. Madzulo akakutenga."

"Koma amalume, anthu akabwera kudzapepesa aziti chiyani?"

"Apeza ine. Mlongo ndi wanga."

Kwathu munthu wofuna kukhala payekha timamukayikira. Kali kokha n'kanyama, timatero, tili tiwiri n'tianthu. Wodya yekha ndi womana, woyenda yekha usiku ndi mfiti, wotseka chitseko masana ndi wonyada kapena akubisa kanthu. Mwambiwo ndi woona, ndipo ndi umene unapulumutsa anthu akwathu m'makomboni a m'migodi, kumene anakhazikitsa mabungwe a maliro, mipingo, mizikiti ndi madambwe a gule wamkulu kuti wina asafere m'dziko la eni popanda womuika. Komabe makolo omwewo ankadziwa kuti nthawi zina munthu amafunika kumupatula. Mayi akabereka amakhala m'chikuta, ntchito zake ena atamulandira. Namwali amalowa m'tsimba. Ngakhale munda umene walimidwa zaka zambiri ankaugoneka kuti ukhale tsala, osati poudana nawo, koma kuti udzabalenso. Lero chatsala n'kuphiri kokha. Ukanena kuti ukupita kuphiri kukapemphera, kaya ku Soche kaya ku Bunda, palibe wokufunsa zambiri. Ku Mutare n'chimodzimodzi: m'mphepete mwa mapiri mumaona a mipingo ya Apositoli atavala zoyera, ndipo mpingo wa Johane Marange unayambira m'boma lomweli mu 1932. Kupemphera kuphiri sindikukutsutsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu wotopa mumtima ayenera kuyamba wapeza chifukwa chovomerezeka kuti timulole kupuma.

Msewu wa ku Vumba umachoka mumzinda chakumwera cha kum'mawa n'kuyamba kukwera mokhotakhota. Msuweni wanga, amene masiku onse sankandipatsa mpata ndi nthabwala za chisuweni, tsiku limenelo anayendetsa galimoto ali chete. Potuluka mumzinda anangondilozera mtanda wa pa Cross Kopje, umene unaimikidwa mu 1924 pokumbukira asilikali achikuda a ku Rhodesia ndi ku Mozambique amene anafera ku East Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndi nkhondo yomweyo imene inatenga asikali ndi amtengatenga akwathu, imene John Chilembwe anaidandaula m'kalata yake mu 1914. Tili pakati pokwera, kunayamba mvula yamawawa yozizira imene kuno amati guti. Ndi chiperoni chathu chomwe chija, mphepo yachinyezi yochokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique, imene ikagunda mapiri imasanduka nkhungu ndi mawawa. Fungo la paini ndi bulugamu wonyowa linalowa m'galimoto, ndipo wokulira ku Thyolo kapena ku Mulanje akanalumbira kuti ali kwawo.

Anandisiya pa chipata cha Vumba Botanical Garden, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda. Malowa amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo polowa mumalipira. Poti kunali pakati pa sabata komanso nyengo yozizira, munalibe alendo. Ndinangokumana ndi wantchito mmodzi akusesa masamba, tinalonjerana, aliyense n'kumuka kwake. Mkatimo muli kapinga wotsetsereka mpaka pa kadziwe, timitsinje tokhala ndi timilatho, maluwa obzalidwa a mitundumitundu, ndipo kuseri kwake kuli nkhalango yachilengedwe yosayoyola masamba, yofanana ndi ya Bunga imene msewu umadutsamo pobwera. Mumakhala anchima, omwe aja a ku Zomba ndi ku Mulanje, komanso kambalame kosowa kotchedwa Swynnerton's robin, kamene anthu amachokera maiko akutali kudzakafunafuna. Nsonga ya Castle Beacon, yotalika mamita oposa 1,900, inali itabisala m'nkhungu.

Ola loyamba silinali lokoma, ndipo ndikunena izi kuti wina akadzayesa asadzathawe msanga. Dzanja linkangopita lokha m'thumba kukafuna foni. Mutu unayamba kuwerengera ngongole, ya bokosi, ya lole, fizi ya ana imene ndinaigwiritsa ntchito pamaliro. Ndinayamba kukangana mumtima ndi abale amene sanasonkhe kanthu, ndikuwayankha mawu amene ndinawameza pamsonkhano wa banja. Ndinayenda, ndinakhala pabenchi, ndinanyamukanso. Ndinafika poganiza zotuluka pachipata kukadikira galimoto iliyonse yotsikira kumzinda.

Koma mkangano wopanda wokuyankha sukhalitsa. Mmodzimmodzi abale aja anachoka m'mutu mwanga, ndipo ndinayamba kumva zimene zinalipodi: madontho akugwa kuchokera m'masamba, madzi akuyenda pansi pa kamlatho, anchima akuthyola tinthambi pamwamba. Kenako mayi anabwera m'maganizo. Sanali mayi a pabedi la kuchipatala amene ndinakhala ndikuwafotokoza kwa anthu, koma mayi a masiku wamba, atakhala pamphasa miyendo atatambasula, akupeta mphale m'lichero. Ndinakumbukira mmene ankalawira ndiwo pachikhatho, mmene ankaitanira dzina langa laubwana mokoka mawu, mmene ankandiperekezera mpaka pamsewu ngakhale nditamera ndevu, n'kuima pomwepo mpaka basi itazimiririka. Nkhope imene sindinaione m'bokosi ndinaiona pamenepo, yamoyo, ikundikalipira kuti ndavala juzi yopyapyala kunja kukuzizira chonchi. Ndinalira. Kunali kulira kwenikweni, kopanda wondigwira paphewa. Panalibe woti ndimuonetse kulimba, panalibenso woti ndimuonetse chisoni.

Otonthoza pamaliro amafuna kuti uleke kulira msanga, chifukwa amakukonda ndipo misozi yako imawapweteka. Sindiwaimba mlandu, inenso ndakhala ndikutero kwa ena. Koma kulira kodulidwa pakati kumatsalira m'thupi, kumasanduka kusowa tulo, mutu wosatha, kupsa mtima ndi ana popanda chifukwa. M'nkhalango muja munalibe wonditonthoza, n'chifukwa chake kulirako kunayenda mpaka kunafika pothera pake. Kutatha ndinamva njala, njala yeniyeni imene sindinaimve chichitikire maliro. Akazi a amalume anali atandimangira mbatata yophika ndi tiyi wa Tanganda m'fulasiki, ndipo ndinadya zonse. Masana nkhungu inang'ambika, dziko la Mozambique n'kuonekera pansi, madzi a damu la Chicamba akunyezimira patali.

Bata la mapiri amenewa silinakhalepo nthawi zonse. Mu Novembala 1977 asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu a ZANLA ku Chimoio, tsidya lomwe ndinkaliyang'analo, n'kupha anthu ochuluka zedi, amayi ndi ana omwe. Mu Juni 1978 amishonale a mpingo wa Elim ndi ana awo anaphedwa pasukulu ina m'mapiri a Vumba momwemu. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anagumula mapiri a Chimanimani, kumwera kwa kuno, monga napolo wa Freddy anachitira ku Soche ndi ku Chilobwe mu 2023. Anthu a chigawo cha Manicaland ali ndi zolira zambiri ngati ife. Ndinaganiza za opulumuka a Freddy aja amene anasungidwa m'masukulu, mabanja ambiri m'kalasi imodzi. Tinawapititsira ufa, mabulangete ndi ndowa, ndipo tinachita bwino. Koma mayi wotaya ana ake m'matope analibe ngakhale ngodya yoti atembenukire kukhoma n'kulira osaonedwa.

Usiku umenewo amalume sanandifunse kuti ndayenda bwanji. Anangoyang'ana mmene ndinkadyera nsima, n'kugwedeza mutu. Anthu atagona anandiuza za ku komboni ya mgodi. Anati ankagona m'chipinda chodzaza amuna, phokoso usana ndi usiku, koma sanasungulumwepo ngati nthawi imeneyo. Makalata ochokera kwathu anayamba kuchedwa, kenako analekeratu. Imfa ya mayi awo, agogo anga, anaimva patapita miyezi, kwa munthu wongodutsa.

"Kukhala wekha kuli pawiri, mwananga," anatero. "Kuja kwa ku komboni kunatsala pang'ono kundipha. Anzanga ena kunawatengera ku kachasu, sanabwerere. Kwa pa kampando kanga n'kwina. Ndimakhala pandekha, koma chitseko chili kumbuyo kwangaku n'chotsegula, ndipo ndimadziwa kuti posachedwa wina abweretsa tiyi."

Mawu amenewa ndi amene amandiletsa kuuza aliyense wovutika maganizo kuti angothawira kuphiri. Tsiku langa ku Vumba linandichiritsa chifukwa panali wondituma, wondimangira kamba ndi wodzanditenga madzulo. Zimbabwe yomweyi yaphunzitsa dziko lonse mbali inayo ya nkhaniyi. Mu 2006 dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench ku Mbare mumzinda wa Harare. Agogo aakazi amaphunzitsidwa uphungu n'kumakhala pamabenchi kunja kwa zipatala zazing'ono, kumvetsera anthu amene akudwala chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso. Zotsatira za kafukufuku wake zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016, ndipo njirayi yayesedwanso ku Malawi. Pali nthenda imene mankhwala ake ndi kukhala chete, palinso imene mankhwala ake ndi kulankhula. Munthu amene wadzitsekera m'nyumba masiku ambiri, osadya, osasamba, osafuna kuona ngakhale ana ake, kapena amene wayamba kulankhula motsanzika, ameneyo sakupuma ayi, akumira. Osamusiya yekha. Apolisi akwathu akamalengeza za anthu odzipha, ambiri amakhala amuna, omwe aja timawayamikira kuti ndi olimba mtima. Thandizo lilipo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo poyambira ndi chipatala chimene muli nacho pafupi.

Sikuti bata limapezeka ku Vumba kokha, ndipo si aliyense angakwanitse pasipoti ndi ndalama yolowera pachipata. Amalume bata lawo salipira kanthu, ndi kampando ndi bulangete basi. Wa ku Blantyre ali ndi Michiru, wa ku Zomba phiri lili pakhomo, wa kumudzi ali ndi kudimba ndi kumtsinje, ndipo tchalitchi pakati pa sabata chimakhala chopanda anthu. Chosowa si malo, koma chilolezo cha apabanja. Amene amamanidwa kwambiri chilolezochi ndi amayi. Bambo akhoza kutuluka n'kunena kuti akukawongola miyendo, koma mayi ngakhale pokasamba mwana amagogoda pachitseko. Mayi anga anadwazika anthu ambiri, anaphika pamaliro ambiri, ndipo sindikumbukira tsiku ndi limodzi lomwe limene wina wa ife anawauza kuti lero musagwire kanthu, pitani mukakhale panokha.

Pobwerera amalume anandiperekeza mpaka pa depoti ya Sakubva, akutsamira ndodo, ndipo anandituma kuti ndikauze abale kuti maliro awalandira.

Ngati pakhomo panu pali amene wasenza maliro, wadwazika matenda aatali kapena wangotopa ndi kusamalira aliyense, musadikire kuti apemphe, chifukwa sadzapempha. Mulandireni ana ndi ntchito tsiku limodzi, mumumangire chakudya, mudziwe kumene wapita, ndipo dzuwa likamalowa mupite mukamutenge.